Mutu 5: Phiri la Bambo Ake

1. Chipinda cha pamwamba

Mumzindamo anthu anali ochuluka ngati nyerere, koma woti n'kumufunsa Kadontho kuti wadzuka bwanji anali mmodzi yekha, azakhali ake.

Awiriwa ankakhala m'kachipinda ka pamwamba pa malo ochapira zovala. Pansipo makina ankalira tsiku lonse, ndipo nthunzi inkakwera m'masitepe n'kudzanyowetsa makoma. Azakhali ankasita malaya a eni ake kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kadontho ankapita kusukulu ya zojambulajambula, kumbali ina ya mzinda.

Dzina lakuti Kadontho anamupatsa ndi bambo ake, kwawo kum'mawa, kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu. Bambowo anali katswiri wojambula ndi inki yakuda pa pepala lopyapyala. Tsiku lina mtsikanayu ali wamng'ono anagwedeza tebulo, inki n'kudonthera pa ntchito ya bambo ake. Iwo sanamukalipire. Anangokayang'ana kadonthoko, n'kukaika mapiko ndi mlomo, kambalame n'kubadwa. Dzina linamera pomwepo.

Bambowo atamwalira, pakuti mayi anali atatsogola kale, azakhali anamuitanitsa kuti abwere kumadzulo kumene iwo ankagwira ntchito. "Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi," anatero pomulandira. Koma dziwe latsopanoli linali lozizira, ndipo mwana wa ng'onayo ankasambiramo yekha. M'basi anthu ankayang'ana pazenera. M'sitolo ankamupatsa katundu osamuyang'ana kumaso. Masiku ena ankabwerera kunyumba n'kuzindikira kuti chidzukire sanatsegule pakamwa.

Zojambula za bambo ake zinabalalika kalekale. Zina anatenga achibale, zina zinawonongeka ndi chinyezi. Chinatsala chimodzi, chimene bambowo anajambulira mlongo wawo, azakhali aja, pamene ankachoka kwawo. Chinali pepala lalitali lomatidwa pa nsalu, lopachikidwa pa msomali moyang'anizana ndi bedi la azakhali. Kumunsi kwake kunali phiri lakuda la mizere yowerengeka, ndi kamtengo kamodzi kopindika. Pakona panali chidindo chofiira cha dzina la bambo. Kwina konseko, kuposa theka la pepala, kunali koyera mbee, kopanda kanthu.

Azakhali akaweruka ankaviika mapazi awo otupa m'beseni la madzi ofunda, n'kumayang'ana chithunzicho ali duu. Ukawayankhula nthawi imeneyo unkangodzitopetsa.

2. A Kampeni

Kusukulu tsiku losankha linali litayandikira. Ophunzira ochepa okha ndi amene ankapitirira ku kalasi ya pamwamba, ndipo kwa otsalawo sukulu inkathera pomwepo. Kadontho ankadziwa bwino kumene adzalowere akasiyidwa: pansi paja, pambali pa azakhali, ayironi m'manja.

Ku kalasi ya pamwambayo sankajambulako nkhope, nyumba kapena maluwa. Ankajambula mitundu ndi mizere yokha, yoti munthu akaiona amve kanthu mumtima, monga momwe timamvera nyimbo yopanda mawu. Kadontho ankaifuna kalasi imeneyo kuposa chakudya.

Wosankha anali mphunzitsi wamkulu, bambo aatali a imvi, amene ophunzira ankawatcha a Kampeni iwo kulibe. Ankayenda ndi kampeni kopalira penti m'thumba la malaya, ndipo chithunzi chikawanyansa kampeniko sikankachedwa kutuluka.

Chiyambire chaka Kadontho anali asanapeze mnzake. Tsiku lake loyamba anagwira burashi moimika chilili pa chinsalu chojambulapo, monga anamuphunzitsira bambo ake. Mnyamata wina wolongolola, amene sankavula jekete ngakhale kutenthe bwanji mpaka dzina lake linasanduka Jekete, anafuula kuti, "Anzanga, taonani adokotala! Akuchibaya jakisoni chinsalu!" Kalasi yonse inafa nalo phwete.

Kuyambira tsiku limenelo Kadontho anabisa zakwawo pansi pa sutikesi. Anayamba kugwira burashi mopendeka ngati anzake, n'kumamata penti wamafuta wochindikala mpaka m'makona, osasiya ndi poika chala pomwe. Nthawi yopuma ankadya buledi wake yekha pa masitepe a kuseri. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo una wa Kadontho unali masitepe amenewo.

Tsiku losankha lili mawa, a Kampeni anadzaima kumbuyo kwake n'kuyang'ana chinsalu chimene ankamalizitsa.

"Mwana iwe," anatero, "tandiuza, chithunzi ichi n'cha yani?"

"N'changa, aphunzitsi."

"Chako? Chofiira ichi ndachiona pa chinsalu cha Jekete. Mizere yopingasayi ndi ya mtsikana wa pazenera uja. Chikasu ichi n'changa, ndinkachipaka iwe usanabadwe, ndipo ndinatopa nacho. Nanga iwe uli pati? Chaka chonse ndakhala ndikukuyang'ana. Umafika woyamba, umachoka womaliza, maburashi ako ndi oyera kuposa a wina aliyense. Khama uli nalo, sindikukana. Koma ukujambula ngati munthu wolowa m'nyumba ya eni, woyenda monyang'ama kuti asadzutse ana. Nsalu yobwereka sithetsa usiwa, mwana iwe. Lero uvala ya uyu, mawa ya uyo, ndipo tsiku limene eni ake adzaitanitse nsalu zawo udzasowa chobisira thupi. Ine ndaphunzitsapo ana ambiri aluso amene anathera kukopera anzawo, ndipo lero palibe amawakumbuka. Munthu wochokera kutali ngati iwe sangabwere chimanjamanja. Unazisiya kuti zimene unabwera nazo?"



Kampeni kanatuluka m'thumba. Kwee! Kwee! Ntchito ya masabata ambiri inagwera m'chitini cha zinyalala ngati matope.

"Mawa masana ubwere ndi chako. Kaya chinyanse, bola chikhale chako. Koma ukadzandibweretsera cha munthu wina, ngakhale chikongole bwanji, khomo ndi ilo."

3. Mapanga awiri

Madzulo ake Kadontho anakhala pa matiresi ake pansi, chinsalu chopalidwa chija chili pambali. Azakhali mapazi anali m'beseni. Nkhani ya kusukulu anaimva yonse osamudula mawu.

"Ndiye mkulu ameneyu ntchito yake ndi yopala za ana a eni?" anatero pomaliza. "Abwere kuno, tili ndi makolala akuda ofunika kupala."

Kadontho sanaseke. Maso ake anali pakhoma, pa chithunzi chimene ankachiona tsiku ndi tsiku, koma lero chinkaoneka mwina.

"Azakhali, kodi bambo anachisiyiranji chosamaliza chithunzichi? Nthawi inawathera?"

Azakhali anatulutsa phazi limodzi m'madzi. "Wati chiyani?"

"Ndikunena poyerapa. Kusukulu amati pansi pakamaonekera ndiye kuti ntchito sinathe."

"Ha! Chaka chimodzi chokha maso akusinthira kale? Tamvera, mwana wa achimwene. Ine sukulu yanuyo sindinaipondeko, koma bambo ako ndinakula nawo nyumba imodzi. Ankatha m'mawa wonse akunola inki youma pamwala, kuthira timadzi, kunolanso, osajambula kanthu. Ine ndinkawaseka kuti achimwene, dzuwa likulowerani mukupera mwala. Iwo ankati akudikira kuti mtima ukhale pansi. Akanyamula burashi, kamodzi n'kamodzi, basi. Pepala lija silikhululuka. Anzakowo akalakwitsa amapala n'kupakanso, akalakwitsanso amapalanso, chifukwa nsalu yawo ndi yopirira ngati bulu. Kwathu burashi ikagunda yagunda. Madzi akatayika sawoleka. N'chifukwa chake bambo ako ankadziwa poyambira, koma koposa ankadziwa polekera. Iwe ukuti sanamalize? Anamaliza, n'kudinda dzina lawo, n'kundipatsa m'manja ine ndikulira pokwerera sitima."

Anabweza phazi m'madzi, koma anali asanathe.

"Ndipo ndikuchenjeze. Ukufuna za kuno, ukufunanso za kwathu. Mapanga awiri avumbwitsa. Ngati wasankha penti wa anthu akuno, gwira yemweyo ndi manja awiri. Ngati ukufuna inki ya bambo ako, bwerera kwa iyo mwaulemu. Koma mwendo uku, mwendo uku, udzang'ambika pakati, ndipo ine singano yosokera munthu ndilibe."

Kadontho anaimirira n'kuyandikira khoma. Anagwira m'mphepete mwa pepalalo ndi zala ziwiri. Linali lofewa ngati khungu la khanda.

"Pepala lotere lingapezeke kuno?"

"Kuno? Mapepala akuno ndi okulungira nsapato. Chotsa dzanja pamenepo, zala zako zili ndi mafuta."

Kadontho anachotsa dzanja. 

4. Pakona pokha

M'mawa azakhali anatsikira ku ntchito. Makina atayamba kulira, Kadontho anakoka sutikesi n'kutulutsa zimene anabisa zija: burashi ya bambo ake, kachidutswa ka inki youma, ndi mwala wonolerapo. Anathira timadzi pamwalapo n'kuyamba kunola. Fungo la inki litakwera, misozi inalengeza m'maso, chifukwa linali fungo la nyumba yakwawo. Anakumbukanso mawu amene bambo ake ankakonda kumuuza akamamuphunzitsa.

"Mwananga, burashi si khasu loti uzilimbana nalo. Usanagunde pepala, yamba wauona mzere wonse m'maso mwako, poyambira ndi pothera. Ngati sukuuona, ika burashi pansi ukachite zina. Wothamanga amajambula mantha ake, ndipo aliyense woyang'ana amawaona. Usadzajambule tsiku limene mtima ukukuthamangitsa, chifukwa tsiku limenelo dzanja silimvera mwini wake."

Mawu a akulu akoma akagonera. M'mawa umenewo mtima unali kumuthamangitsa Kadontho ngati galu wolusa, ndipo nthawi yoti mawu agonere panalibe.

Anayesa pa chinsalu. Inki inakana kulowa. Inangoima timadontho ngati madzi pa nthenga za bakha, kenako n'kuyenderera pansi, pakuti chinsalu cha penti wamafuta amachipaka zoyera zolimba kuti chisamwe kanthu. Anayesa pa pepala lokulungira zovala limene analipeza pansi pa bedi. Limenelo linamwa mopitirira mpaka kubooka. Anayesa kuseri kwa katoni, zinangokhala zonyansa.

Dzuwa linkakwera, masana ankayandikira, ndipo m'manja munalibe kanthu. M'chipinda chonsecho, mwinanso mumzinda wonsewo, pepala lodziwa kumwa bwino linali limodzi, ndipo linali pakhoma.

"Pakona pokha," anadziuza. "Ndingoona mmene limamwera."

Mawu amenewa, akuti pakona pokha, agwetsa anthu ambiri, ndipo Kadontho sanali woyamba.

Anachichotsa chithunzicho pa msomali n'kuchiyala pansi. Inki imene ananola inali itathera m'zoyesa zija, ndipo kunolanso kukanamuchedwetsa. Choncho anafinya penti wa buluu wa kusukulu m'kambale, n'kuthiramo mafuta osungunulira mpaka anakhala ngati madzi. Anaviika burashi ya bambo ake n'kuigwira chilili, mmene anali asanagwirire chaka chonse. Anagunda pakona ya kumwamba.

Pepala linamwa. Buluu uja anayenda yekha pang'onopang'ono, pakati woderapo, m'mbali wopepuka ngati utsi, ndipo kunja kwake mafuta anasiya mkombero wowala umene Kadontho anali asanauonepo, kaya kwa bambo ake kaya kusukulu. Sinali inki, sanalinso penti amene ankamudziwa.

 Anagundanso pena kuti aone ngati zichitikenso. Zinachitika. Anasungunula chikasu. Anasungunula wofiirira. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tinene zoona: nthawi imeneyo Kadontho anali wosangalala kuposa tsiku lina lililonse chifikire mumzindamo. Kusungulumwa kunamuchoka. Mzere wa bambo ukakwera, mtundu wake unkakwera nawo. Ukakhota, iye ankaudutsa n'kukaudikira kutsogolo. Zinali ngati akucheza nawo, iwo akunena, iye akuyankha. Phokoso la makina sankalimvanso, ndipo mawu a azakhali a dzulo aja anawaiwala onse.

Pamene anaika burashi pansi, phiri silinalinso phiri. Mizere yakuda inalipo, koma tsopano inkasambira m'mitundu, kuonekera apa, kubisala apo. Kamtengo kaja kanangotsala ngati mng'alu. Poyera paja panatsala timipata tochepa.

Kenako anamva azakhali akutsokomola pansi, chifuwa chawo cha nthunzi chija.  Anatenga kansanza n'kupukuta pakona, koma kansanzako sikanachotse kanthu. Pepala linali litamwa zonse.

Zimene anachita mpaka apa tingati kunali kutengeka. Koma chotsatira anachichita akuona. Chidindo chofiira chija chinali chikadali pakona, chikunena mwini wake, ndipo a Kampeni anali atamulozera kale khomo. Akanatha kutsika masitepe n'kukagwada pamaso pa azakhali. Akanatha kupita kusukulu n'kukanena kuti, "Theka n'la bambo anga, theka n'langa." Iye anafinyira penti wofiira wochindikala pa chala, n'kumata dzina la bambo ake mpaka linasowa.

Atatero anakhomerera chithunzicho pa thabwa ndi timisomali, n'kutulukira khomo la kuseri.

5. Dzanja la yani?

M'holo ya sukulu zinsalu zinali zitandandalikidwa m'mbali mwa khoma, aliyense ataima pafupi ndi chake ngati ogulitsa pamsika. A Kampeni ankayenda pang'onopang'ono, manja kumbuyo. Pena ankagwedeza mutu, pena ankangodutsa, ndipo amene wadutsidwayo ankadziwa yekha kuti zake zada.

Kadontho anafika mochedwa, thukuta lili kamukamu, n'kuimika thabwa lake kumapeto. Jekete anasuzumira, pakamwa patatseguka kale kuti aponye nthabwala, koma nthabwalayo inamukanirira pakhosi.

A Kampeni atafika pamenepo anaima. Anabwerera m'mbuyo. Anayandikiranso mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda pepala. Dzanja linalowa m'thumba la malaya, ophunzira onse mitima ili m'mwamba, koma linatuluka ndi magalasi.

"Bwerani kuno nonse," anatero. "Taonani. Mitunduyi ndi yathu, ya m'machubu omwewa amene mumawononga tsiku ndi tsiku. Koma uyu sanaimate, waisiya iyende yokha. Imeneyi ndi nzeru yatsopano, ngakhale ikadali yaiwisi. Apa wachulutsa, apa wathamanga, ndipo chofiira cha pakonachi sindikudziwa chimene chikufuna. Koma taonani mizere yakudayi. Palibe wobwereza, palibe wonjenjemera. Uliwonse unayenda kamodzi, ndi dzanja lodziwa kumene likupita. Mzere wotere anthu amaufunafuna mpaka imvi. Ana inu, ndakhala ndikukuuzani kuti chinsalu sichinama. Munthu angathe kunamiza mphunzitsi, anganamize anzake, koma akagwira burashi zonse zimene ali zimatulukira poyera. Mukaone kwanu chimene muli nacho, musamachite nacho manyazi."

Anatembenukira kwa Kadontho. "Mwana iwe, unkabisa zimenezi chaka chonse? Mizere imeneyi ndi dzanja lako?"

  Khomo linali kumanzere kwa Kadontho, lotsegula, ndipo ankaliona bwinobwino.

"Eya, aphunzitsi."

"Wakwera. Ichi chipachikidwe polowera, kuti aliyense wobwera pasukulu pano achione. Sichichoka mpaka chaka chithe."

Ophunzira anaomba m'manja. Anyamata awiri ananyamula thabwa lija n'kukalipachika pamwamba, poti ngakhale utadumpha sungafikepo. Jekete anabwera akukanda m'mutu.

"Adokotala, jakisoni uja ndi wamphamvu ndithu. Tiye tikamwe tiyi ndi anzathu. Lero usakadye wekha kumasitepe."

Chaka chonse Kadontho ankalakalaka mawu amenewa, koma lero atabwera anamuwawa ngati chitonzo. Anapukusa mutu n'kunena kuti akumudikira kunyumba. Anasiya dala kukwera basi n'kuyenda wapansi, ndipo njira imene masiku onse inkatalika, tsiku limenelo inafupika.

6. Pakhoma

Anapeza chitseko chili chotsegula. Azakhali anali atakhala pabedi, nsapato za kuntchito zikadali kuphazi. Beseni linali pakona, louma. Pakhoma panali msomali, ndipo m'munsi mwake munali malo aatali owala kuposa khoma lonse, pamene nthunzi sinkafika. Pansi panali madontho a buluu ndi chikasu, ndi burashi ya bambo itauma gwa ndi penti.

"Azakhali..."

"Chili kuti?"

"Kusukulu. Achipachika polowera. Azakhali, ndasankhidwa. Ndakwera kalasi ya pamwamba."

"Wapakapo?"

"Eya."

"Ponse?"

Kadontho anagwada pansi. "Ndimati pakona pokha. Pepani, azakhali. Pepani."

Akanakonda akanamukalipira, ngakhale kumumenya kumene. Koma azakhali anayankhula motsitsa, maso ali pakhoma.

"Iwe unkaganiza kuti madzulo onsewa ndinkayang'ana phiri? Phiri ndinaliloweza kalekale, ndi mizere ingati? Ine ndinkayang'ana poyera paja. Ndikatopa ndinkaikapo nyumba yathu, mayi athu ataima pakhomo. Tsiku lina ndinkaikapo msewu wopita kusukulu, bambo ako ali patsogolo, ine ndikuwathamangira ndi kulira kuti andidikire. Pamene anamwalira, ine ndili kuno osatha kupita kumaliro, ndinawaika pomwepo, poyera paja, ndipo tsiku lililonse ndinkakawaona. Achimwene anandisiyira malo oti ndizipitako ndikaweruka. Mumzinda monse muno malo anga anali amenewo. Iwe wawadzaza."

Kadontho analira mosadzigwira. Panalibe womutonthoza, pakuti woyenera kumutonthoza anali yemweyo amene anamulakwira.

Patapita nthawi azakhali anafunsa, "Aphunzitsi akowo ati chiyani ataona dzina la bambo ako?"

Kadontho anafumbata dzanja kuti abise chala chofiira chija, koma azakhali, amene ntchito yawo inali kuona madontho pa zovala, anali atachiona kale.

"Wafufutanso dzina."

"Akanandithamangitsa, azakhali. Anati ndikabweretsa cha munthu wina..."

"Ndiye wawauza kuti n'chako."

"Eya."

Azakhali anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anaimirira, natsegula kabati, natulutsa diresi lawo lakuda limene ankavala pokaonekera kwa anthu. Analiyala patebulo n'kuyatsa ayironi.

"Poyera pandithera, sindingapabweze," anatero. "Koma dzina la achimwene silikwiriridwa kawiri ine ndili moyo. Mawa sindigwira ntchito. Tipitira limodzi kusukulu kwakoko, ukandionetse aphunzitsi ako."

"Azakhali, chonde, akakamva ndiye kuti sukulu yanga..."

"Ukanene ndiwe, kapena ndikanene ndine. Usiku ndi wautali, usankhe."

Ayironi inatentha. Azakhali anayambira pa kolala, monga ankachitira ndi zovala za eni ake, ndipo sanatembenukenso.